Pansi pa Nyumba ya Thibault

Ghislaine anapeza mwana wake Thibault atagwada pakhonde, chitseko cha kukhitchini atachigoneka pamipando iwiri, akuchipala m'mphepete.

"Chomwechinso?" anafunsa Ghislaine akuika dengu la mazira pawindo. "Si mwezi wathawu unachipala chitseko chimenechi?"

"Ndi chinyezi, Amayi. Mvula yonseyi matabwa amafufuma."

"Kwanganso ikugwa mvula yomweyi. Zitseko zanga zikutsekeka bwinobwino."

Thibault sanadzutse mutu. Mkazi wake Maëlle anatuluka atanyamula kamwana kawo, Lison. Maëlle anali mwana wa m'tauni, wa ku Le Havre, ndipo chilichonse cha kumudzi chinkamusangalatsa, ngakhale fungo la ndowe.

"Amayi, mwaona? Chithaphwi chija chatha! Chakhala pabwalopa dzinja lonse, ndiye m'mawa uno ndikuyanika matewera ndinangomva kuti khololo, ngati munthu watsegula sinki. Pocheuka madzi onse kulibe. Ukangothanso mng'alu wa kuchipinda kwa mwanayu, ndipuma. Ndamata kawiri, ukubwerabe."

Ghislaine anayenda mpaka pamene panali chithaphwipo. Nthaka inali italowa pang'ono, mozungulira ngati mbale, udzu wonse utagonera pakati. Anayang'ana nsanja ya tchalitchi, kenako anayang'ana mzere wa mitengo ya kwa mlamu wake.

Kumudzi kwawo ku Brémauville kulibe mtsinje, kulibe phiri, ndi chidikha chokhachokha cha tirigu ndi fulakesi wopangira nsalu. Koma kunsi kwake ndi mphako. Makolo ankakumba zitsime zakuya, osati za madzi koma za choko chowaza m'minda, ndipo pansipo ankafukula zipinda zoti ngolo n'kutembenukiramo. Akathana nawo mgodiwo ankayala zipika pakamwa, n'kukwirira ndi dothi, n'kubzalapo mtengo umodzi. Mwana aliyense ankadziwa kuti mtengo woima wokha pakati pa munda sakhalapo pamthunzi. Kenako kunabwera mathirakitala. Amuna anati mitengo ikupinga makasu, anaidula, anagwetsa mipanda, minda anailumikiza, mpaka munthu osadziwanso kuti chakuti chinali pati. Nzeru za amuna zimenezo.

Ghislaine atangokwatiwa, m'munda umenewu munali mtengo wa thundu woima wokha. Fernand, mkulu wake wa malemu mwamuna wake, ndi amene anaudula. Ndi yemweyonso amene anapatsa Thibault malo omangapo nyumba, atalumbira kuti thunduyo anali kutali, kumene tsopano amalimako mbatata.

Ghislaine anakamupeza kutchalitchi. Fernand ndiye ankasunga kiyi, ndiye ankakhala m'khonsolo ya mudzi, ndiye ankaperekeza alendo obwera kudzajambula zakale. Tsikulo anali akukhoma chikwangwani chatsopano cha mbiri ya mudzi pafupi ndi chipilala cha asilikali.

"Alamu! Mwabwera bwino, ndigwirireni uko. Taonani, zonse zilipo: belu lathu, chaka chimene tchalitchi chinapsa, mayina a anyamata athu a kunkhondo."

"Nanga migodi mwailemba pati?"

Fernand anachotsa msomali kukamwa pang'onopang'ono.

"Mlendo amabwera kudzaona maenje?"

"Thundu uja anali pati, alamu?"

"Ndinakuuzani kalekale. Ku mbatata."

"Mukunama. Nkhalamba ya imvi mbuu, kiyi wa nyumba ya Mulungu ali m'thumba, mukunama ngati kamwana koba shuga. Ndaima pamenepo lero. Nsanja ili kumanja, mitengo yanu kutsogolo, monga ndinkaimira tikamakolola. Madzi a dzinja lonse amezedwa m'mawa umodzi. Apita kuti? Ku mbatata?"

Fernand anayang'ana mumsewu ngati mukubwera munthu, kenako anatsitsa mawu.

"Dzenje limenelo tinalikwirira. Ine ndi malemu amuna anu, ndi manja athuwa. Tinaponyamo zitsa, ngolo yakutha, zitsulo za nthawi ya nkhondo, ng'ombe ziwiri zakufa."

"Ng'ombe zimaola. Ndipo malemu musawatchule, sangakuyankheni. Akanakhala moyo, mwana wawo sakanamanga pamenepo."

"Tamverani, alamu. Mukapita nazo kwa meya, abwera anthu a boma ndi makina awo, azunguliza mzere wofiira. Zonse za mkati mwa mzerewo zafa. Nyumba ya Thibault yafa. Ya Marcelle, wamasiye mnzanu, yafa, sangaigulitse, sangawonjezepo ngakhale khola la nkhuku. Msewu wa kusukulu atseka. Akangoyamba kufufuza saleka, apeza wina, apezanso wina. Mukuganiza kuti m'mudzi muno ndi ndani alibe dzenje lake? Tonse timadziwa, tonse timakhala chete. Ndi mmene mudzi uno waimira chiimire."

"Waima pa chiyani? Pa zipika zoola?"

"Nthaka yakhala phee kuyambira nthawi ya agogo."

"Lero yamwa madzi. Mdzukulu wanga akugona pamwamba pake."

"Mukatsegula pakamwa, palibe adzakupatseni moni m'mudzi muno mpaka tsiku lokuikani."

"Moni ndimadya ine?"

Anamusiya ataima ndi hamala m'manja. Mvula inali itayambanso, ya mawawa, yosamveka padenga koma yolowa mpaka m'mafupa. Ng'ombe za Thibault zinali zitaunjikana kungodya ya mpanda, kutali ndi nyumba, ngakhale udzu wouma anali ataziikira pafupi ndi bwalo.

Thibault anali atabwezeretsa chitseko. Chinkakhulabe pansi. Ghislaine analowa osavula majombo.

"Nyumba ino ili pamgodi," anatero. "Tenga mkazi wako ndi mwana, mukagone kwanga."

Ankayembekezera kuti mwana wake adzidzimuka, kapena aseka. Thibault anangoyang'ana kuchipinda kumene kunali Maëlle, n'kunena chapansipansi, "Musakweze mawu, Amayi."

Ghislaine anamuyang'anitsitsa.

"Umadziwa."

"Pokumba maziko tinapeza dothi lofewa mbali imodzi. Atate aakulu anati tingothirapo simenti yambiri. Tinathira yambiri, Amayi, yambiri zedi."

"Simenti pamwamba pa mphako! Ndinakubereka ndi mutu iwe, unausiya kuti? Ndiye chipinda cha mwana n'kuika mbali yomweyo?"

"Ndi mbali yotulukira dzuwa. Maëlle ndiye anasankha."

"Unamuuza chimene chili pansi pake?"

"Chili pansi pake n'chiyani?" Anali Maëlle, ataima pakhomo la chipinda, Lison ali m'manja.

Thibault anatsegula pakamwa, koma mayi ake anamutsogolera. Anafotokoza zonse mosazungulira: choko, zipika, thundu, ng'ombe zakufa. Anauzanso Maëlle za banja lina la kumudzi woyandikana nawo, iye ali mtsikana, limene linadzuka m'mawa n'kupeza pamene panali khola pali chibowo chakuda, chozungulira bwino ngati achita kudula ndi mpeni, ndipo mahatchi sanapezeke ngakhale chiboda.

Maëlle sanalire. Anayang'ana pansi pamene anapondapo, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Ndimamata mng'alu uja iwe ukundigwirira makwerero," anatero. "Umandiuza kuti ndikumata bwino."

"Maëlle, nyumba zambiri kuno zili choncho, ndipo palibe imene..."

"Usandikhudze."

Anatenga bulangeti la mwana ndi botolo la mkaka basi. Potuluka anayenda motsatira khoma, mwakachetechete ngati akuopa kudzutsa chinthu, ndipo atafika pabwalo anazungulira kutali. Ghislaine anamuponyera kiyi wa kwake pawindo.

"Tsopano iwe," anauza mwana wake.

"Ine sindichoka. Ndikatuluka ndi katundu masana ano, mudzi wonse udziwa. Mawa meya ali pano. Mayi Marcelle ndidzawayang'ana bwanji? Atate aakulu? Zaka zonse ndavutikira nyumba ino, Amayi. Ndigona muno ndekha, anthu aziona nyali ikuyaka. Mvula ikatha nthaka ikhazikika."

"Chabwino," anatero Ghislaine.

Anakoka mpando wa kukhitchini, n'kuukwekweretsa mpaka m'chipinda cha mwana. Mng'alu unali utayambira pansi pa windo, kudutsa pa timaluwa tojambula pakhoma, mpaka kudenga. Chala chikanalowamo. Munkatuluka kamphepo kozizira, konunkha ngati m'chitsime. Anaika mpandowo pafupi ndi mng'aluwo, n'kukhala, manja pamaondo.

"Mukutani, Amayi?"

"Ndikukhala. Wati nthaka ikhazikika, ndiye ndikuopa chiyani? Ukagona muno, inenso ndigona muno, pompano. Ikatsegula pakamwa iyambire ine. Sudzavutika ndi bokosi, sudzavutika ndi okumba manda. Alamu adzangondilemba pachikwangwani chawo, alendo azijambula."

"Musachite zamisala. Dzukani."

"Ndidzutse. Tandigwira uone."

Thibault anapita kukhitchini. Anabwerera. Anapitanso. Kunja kunayamba kuchita mdima wa mvula, madzi akuyenderera kuchoka padenga kulunjika pakati pa bwalo, n'kumangolowa osadikha. Ghislaine sanasunthe pampandopo. Kenako pansi pa mpando, patali kwambiri, panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati miyala ingapo yagwera m'madzi. Kadothi koyera kanayoyoka mumng'alu n'kugwera paphewa pake. Sanakasase.

Thibault anali ataima pakhomo. Nayenso anamva.

"Amayi, chonde."

"Uyambe ndiwe kutuluka. Ndikudziwa, ukanditulutsa ubwerera. Nyamula bedi la mwanayo."

Anaimabe pang'ono, mwamuna wamkulu wandevu. Kenako anawerama, n'kusenza kabedi ka Lison.

Brémauville ili ndi msewu waukulu umodzi wokha, ndipo anaudutsa wonse: Thibault patsogolo ndi kabedi pamutu, mayi ake pambuyo akumuyang'anira ngati ng'ombe yokonda kuthawa. Makatani ankagwedezeka nyumba ndi nyumba. Marcelle anatuluka pakhomo pake, anayang'ana kabediko, anayang'ana nyumba ya Thibault, kenako khoma la nyumba yake, n'kulowanso m'nyumba. M'mawa mwake Maëlle anapita kwa meya, Ghislaine atamuperekeza mpaka pakhomo.

Galimoto ya buledi itafika pabwalo la tchalitchi Loweruka, amayi amene anali pamzere anasiya kucheza. Palibe anamupatsa moni Ghislaine. Wogulitsa yekha ndiye anafunsa, maso ali kumbali, "Buledi mmodzi, monga mwa masiku onse?"

"Wa anthu anayi," anatero Ghislaine mokweza. "Kwanga kuli anthu, ndipo onse akudya."