Luma, Consolata

A Hamilton anakhala pampando wa woimba chitoliro cha kilarineti m'bandi ina kuyambira tsitsi lawo lili bii, ndipo sankafuna kuchokapo ali moyo. Inali bandi yoimba pa maukwati a anthu opeza bwino m'tauni ya Zomba muno, ndipo malo a kilarineti anali amodzi okha basi. Tsono mpweya unali utayamba kuwachepera madalawa. Mawu okwera aja, amene amalira pamwamba pa malipenga onse mkwatibwi akamalowa, ankawafikabe, koma potsika kumeneko maso amakhala ali psuu, chifuwa chikulira ngati mvukuto. A Thom, mkulu wa bandi, ankaziona zimenezi.

Ndiye kunabwera Consolata wa ku Chikanda, mwana wa malemu mnzawo wa a Hamilton amene ankaimba naye kale. Anafika atakolekera kilarineti ya bambo ake m'chikwama chong'ambika. Mawu apansi ankawatulutsa mokoma zedi, moti a Hamilton atangomva, anachita nsanje. A Thom anawauza kuti amuphunzitse okwerawo, ndipo nyengo ya maukwati ikamayandikira adzamuyesa pamaso pa bandi yonse. Akadzakhoza, madala akapume.

Akapume! Kupuma kwake kuti, kukhala pakhonde ku Masongola n'kumaonerera maminibasi opita ku Blantyre? Anavomera akumwetulira, koma mumtima anali atamanga kale mfundo.

Aliyense woimba chitoliro chimenechi amadziwa kuti mawu okwera safuna mano. Umakhwimitsa m'mbali mwa milomo, n'kukweza lilime, n'kukankha mpweya wothamanga kuchokera m'mimba, nsagwada zili phee. Ukaluma, kabango konjenjemera kukamwa kaja kamatsamwa, chitoliro n'kukuwa ngati nkhumba yogwidwa mwendo, mano apansi n'kumalowa m'mlomo. A Hamilton ankazidziwa izi ngati dzina lawo. Koma kwa mwana wa mnzawo anati:

"Luma, Consolata. Bambo ako ankaluma mpaka magazi. Ukamva kuwawa, udziwe kuti wayandikira."

Mwana anamvera. Akanakayikiranji munthu amene ananyamula nawo bokosi la maliro a bambo ake? Pophunzitsapo iwo sankaimba n'komwe, ati akusunga mpweya. Ankangoloza ndi chala, iye n'kumaluma.

Sipanapite nthawi, anthu a ku Chikanda anatopa nako kukuwako. Ana a sukulu ya ukachenjede ochita lendi pafupi anadandaula kuti sakuwerenga, ndipo alandilodi anamuuza kuti asankhe, chitoliro kapena nyumba. A Hamilton anamulangiza kuti azikaphunzirira kuphiri, ati mpweya wa kumeneko umalimbitsa mapapo. Bodza lenileni. Ankangofuna kuti akhale kutali ndi aliyense amene akanamumva n'kumuwongolera.

Choncho Consolata ankakwera phiri m'mawa, akupatukira amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni, n'kukakhala pakati pa mitengo ya paini chapafupi ndi damu. Inali nthawi ya chisanu. Mphepo inkang'amba mlomo kunja, mano akuung'amba m'kati. Tiyi wotentha anasiya, ndiwo za mchere anasiya. Potsika ankawatengera a Hamilton masitiroberi m'kapepala, n'kuwapatsa ndi manja awiri atagwada. Ndipo ankadya, mwamuna wamkulu wopanda manyazi! Chisoni chinkawagwira ndithu, koma chinkatha asanamalize kutafuna.

Tsiku lina Consolata anatsika akuthamanga, nkhope ikuwala. Anafotokoza kuti atatopa kwambiri nsagwada zinangolefuka zokha, ndipo mawu aja anatuluka oyera, mpaka anabwerera kuchokera kutsidya kwa damu. A Hamilton anadziwa kuti mwana wapeza njira. Anakwinya nkhope n'kumukalipira kuti amenewo ndi mawu a ulesi, ongotuluka mwangozi, ndipo akazolowera zimenezo achititsa manyazi malemu kumanda. Consolata anapepesa misozi ili m'maso. M'mawa mwake analuma kuposa kale.

Tsiku loyesedwa linafika, bandi yonse itakhala m'holo. Consolata anaimirira, mlomo utatupa ngati walumidwa ndi njuchi. Anayamba bwino pansi paja, a Thom mpaka kugwedeza phazi. Kenaka nyimbo inakwera. Anadina kabatani ka chala chachikulu, n'kuluma monga anaphunzitsidwira, ndipo chitoliro chinakuwa moti wa ng'oma anatseka makutu. Anayesanso, chimodzimodzi. Anyamata a malipenga anayamba kuseka, wina n'kufunsa ngati kuphiriko ankaphunzira kwa anyani. Ulendo womaliza sipanatuluke kanthu, koma magazi okha, amene anayenderera pa chitoliro n'kudonthera pa simenti.

A Thom anapukusa mutu. Ananena kuti mwanayu alibe mphatso, mpando ukhalabe wa mwiniwake, n'kupempha a Hamilton kuti amuonetse mmene amaimbira akuluakulu, apite kwawo atamvako.

Kukana sakanatha. Anaimirira pafupi ndi Consolata penipeni, n'kukoka mpweya wonse umene unatsala m'chifuwa chawo chokalambacho. Mawu anakwera oyera, osalala, n'kudzaza holo yonse. Anthu anawomba m'manja, ndipo a Hamilton anasangalala kwabasi. Mpando unali wawo.

Potsitsa chitoliro ndi pamene anaona kuti Consolata sakuwomba nawo. Nthawi yonseyi sankayang'ana zala zawo ayi. Ankayang'ana nsagwada.

"Ankolo," anatero motsitsa, mawu akutuluka movutikira pamlomo wotupawo, "inuyo simuluma."

A Hamilton anayang'ana uku ndi uku. Palibe wina amene anamva, onse anali kalikiliki kulongedza zida. Anatulutsa kampango m'thumba, n'kupukuta bwinobwino kabango kawo, n'kubweza kampangoko m'thumba momwemo.

"Pukuta pansipo usanapite," anatero. "Anthu aponda magazi."