Ngongole ya Madola ndi Ndulu Yabodza ya Zenobia

Kompadre wanga Eusebio Chipana analowa m'sitolo yanga ya zitsulo atanyamula timakadi tofiira, maso ali pansi ngati wataya singano. Ndinadziwiratu kuti ndi poyada inanso. Kuno m'dera lathu la Comas munthu akapanikizika amakazinga nkhuku, anzake amagula timakadi, amabwera kudzadya ndi kuvina, iye n'kupezako mpumulo. Koma Eusebio anali atachita kale ziwiri chaka chomwecho.

"Pano ndiye chavuta n'chiyani, kompadre?" ndinamufunsa.

"Ndi mkazi wanga Zenobia," anayankha osandiyang'ana. "Akuti ndulu. Pakufunika opaleshoni."

Ine ndine Anacleto Paucar. Ndinatsika kumapiri nditasenza thumba la mbatatesi, lero ndili ndi sitolo, malole awiri, ndi mimba imene anthu amaipatsa moni nkhope yanga isanatulukire. Ndayendetsa lole mpaka ku Santiago, ku Guayaquil, ku La Paz, ndipo kulikonse anzanga ankalira kuti ndisachoke. Munthu ngati ine sagula khadi limodzi. Ndinagula mulu waukulu n'kugawira anyamata anga antchito. Komanso ndine ndinaswa botolo la shampeni padenga la nyumba yawo tsiku lothira konkire. N'chifukwa chake timatchulana kompadre, dzina la ubale wochita kupangana, ndipo nyumba imeneyo ndimaiona ngati mwana wanga.

Lamlungu masana, tsiku la poyada, nyimbo zinagunda msewu wonse. Komadre Zenobia anali pamoto, akutembenuza nkhuku m'mafuta ndi mphamvu ngati mtsikana. Ndinadabwa pang'ono, koma ndinati mwina n'kulimba mtima chabe.

Kenaka anafika Doña Fortunata, mayi wachikulire wa pakona, ndi anzake a gulu la mapemphero, atanyamula makandulo ndi masamba a mankhwala.

"Zenobia, mwana wanga, choka pamotopo!" anakuwa Doña Fortunata. "Munthu wodikira mpeni wa dokotala n'kumanyamula mapoto? Amuna a masiku ano alibe chisoni. Khala apa tikupempherere."

"Mpeni wanji, Doña Fortunata?"

"Usatibisire ife. Mwamuna wako wauza msewu wonse za ndulu yako."

Zenobia anaika foloko pansi. Anayang'ana mwamuna wake, yemwe anali chiimire ndi kireti ya mowa m'manja. Wina anatsitsa nyimbo.

"Eusebio, wandigoneka m'chipatala ndili bwinobwino? Si unati anthu ukuwauza zoona?" Kenaka anatembenukira kwa ife tonse, misozi ili chuchuchu. "Ine sindikudwala. Tikulephera kubweza ngongole ya nyumba, ndipo banki itilanda. Ndi zimenezo basi."

Kwathu kuno poyada ya matenda si yoseweretsa. Mayi wogulitsa masamba amadzimana chakudya kuti agule khadi, podziwa kuti mawa wodwala akhoza kukhala iye. Ena anasiya mbale pamipando n'kutuluka osatsanzika. Doña Fortunata anabweza makandulo ake m'chikwama.

"Ine kusala kudya kuyambira Lachisanu chifukwa cha ndulu yamoyo!" anatero akutuluka.

Ndaona manyazi m'maiko ambiri, koma a Eusebio tsiku limenelo anandilowa ndi ine ndemwe. Ndinamukokera kuseri, m'kachipinda kake kopalira matabwa. Anakhala pabenchi, nkhope ili m'manja.

"Kompadre, ndiuzeni zonse. Mukanama kamodzi kokha ndikukhomerani pathabwa ili."

Anafotokoza. Pamene ankatenga ngongole, ya madola ndiyo inali ndi chiwongoladzanja chotsika, ndiye anasankha imeneyo. Sanafunse ngati chiwongoladzanjacho chinali chokhazikika kapena chosintha. Chinali chosintha. Chuma cha dziko chitayamba kugwedezeka, dola inakwera, chiwongoladzanja n'kukweranso. Iye makabati ndi mabedi ake amagulitsa pa ma sol, ndalama ya dziko lathu, ndipo ogula anali atachepa. Mwezi uliwonse ngongole inkakula, thumba lake likufota.

"Kubanki munapitako?"

"Ndikapite ndi nkhope iti? Akaimba foni ndimazimitsa."

"Nanga ine? Kodi sitolo yanga inasamuka?"

"Inu munaima padenga paja n'kuuza anthu kuti Eusebio ndi mwamuna weniweni. Ndikanabwera bwanji kudzati mwamuna uja wagwa?" Anapukuta maso ndi dzanja lautuchi. "Mawa ndimati ndikaonane ndi anyamata a njinga zamoto aja, obwereketsa ndalama zobweza tsiku ndi tsiku."

"Amenewo ayi! Ndinawaona ku Guayaquil, ndawaona kuno. M'mawa amakupatsa ndalama akuseka, madzulo amakufunsa kumene ana ako amaphunzira. Ine ndasinthitsa ndalama pamalire onse, ndipo ndikudziwa chimodzi: wolandira ma sol asagone ndi ngongole ya madola. Zotsalazo akatiuza odziwa. Mawa muvale malaya abwino."

Kutacha ndinawanyamula onse awiri pagalimoto yanga kupita ku ofesi yolangiza anthu zangongole mwaulere. Zenobia anakhala pazenera, atafulatira mwamuna wake njira yonse. Tinalandiridwa ndi mlangizi wina, mayi Nélida Tapia. Anawerenga mapepala awo modekha, kenaka anavula magalasi.

"Bambo Chipana, banki siifuna nyumba yanu, imafuna ndalama zake. Munthu wobwera yekha amamvedwa. Wothawa ndi amene amamutumizira maloya. Nkhani yanu sinafike kukhoti, ndiye nthawi ilipo, koma yochepa."

"Tikanene chiyani kumeneko?" anafunsa Zenobia.

"Mukapemphe kuti ngongoleyi ichoke m'madola ikhale m'ma sol, ndalama imene mumalandira. Mukapemphenso chiwongoladzanja chokhazikika. Chidzaoneka chokwererapo kuposa chija chinakukopani, koma simudzadzuka m'mawa n'kupeza chasintha. Zimene munatsalira, mukapemphe azigawe m'miyezi yakutsogolo. Koma musanapite, mufunse kaye mabanki ena ngati angaigule ngongoleyi. Ndipo osangofunsa chiwongoladzanja. Funsani mtengo wonse, pamodzi ndi inshuwalansi ndi zolipira zina zonse."

"Ndiye zikhala zotchipa?" anafunsa Eusebio, mawu ali otsika.

"Ayi, sindikunamizani. Akakuwonjezerani zaka, pamapeto mudzakhala mutalipira zambiri. Koma mudzalipira muli m'nyumba mwanu. Ndipo pepala limene simunalimvetse musasaine. Mubwere nalo kuno tidzawerengere limodzi."

Sabata imeneyo tinazungulira mabanki, ndipo imodzi inalemba zimene ingathe kuwachitira. Kenaka tinapita kubanki yawo. Pakhomo Eusebio anaima, akufuna kubwerera. Zenobia anamugwira pamkono, osati mwachikondi, koma ngati mayi wokokera mwana kujakisoni. Atafika patebulo la mkulu wa zangongole, Eusebio anavula chipewa.

"Ndine Eusebio Chipana," anatero. "Uja amazimitsa foni."

Mkuluyo sanaseke, sanakalipe. Anangomukokera mpando. Zenobia anayala pepala la banki ina lija patebulo n'kunena zonse monga anawauzira mayi Tapia. Ine ndinangokhala chete, chinthu chimene sindichita ngakhale pamaliro.

Abanki sanawayankhe tsiku lomwelo. Anafuna umboni wa zimene amapeza pa ukalipentala ndi pa zosoka za Zenobia, ndipo awiriwo anabwererako kangapo. Podikira yankho, Zenobia anapereka lamulo lake: Eusebio ayende khomo ndi khomo kubweza ndalama za timakadi tija, n'kupepesa ndi pakamwa pake. Ulendo umenewo unamulemera kuposa wakubanki. Ndinkamuona ndili m'sitolo akugogoda pazitseko, chipewa chili m'manja, ana akumusuzumira m'mazenera.

Ambiri anakana kulandira. Mayi wogulitsa masamba anamukankhira dzanja lake kutali.

"Iwe Eusebio, ukanangonena kuti ndi nyumba, ukuganiza sitikanagula? Ndani kuno amene sanapanikizikepo? Chatipweteka ndi bodza."

Doña Fortunata yekha ndiye analandira zake, n'kuitanitsanso za makandulo.

Patapita masabata angapo banki inavomera. Mayi Tapia anawerenga nawo pangano latsopano mzere ndi mzere asanasaine. Ngongole inalowa m'ma sol, chiwongoladzanja chinakhazikika, ndipo zaka zinawonjezekera. Tsopano amadziwa chimene adzalipire mwezi uno, mwezi wamawa, ngakhale chaka chamawa. Chakumapeto kwa chaka dola inalumphanso. Eusebio anamva pawailesi ali m'kachipinda kake, ndipo anangopitiriza kupala thabwa. Nyumba ija ikadali yawo.

Tsono mverani ine amene ndaona dziko. Potenga ngongole ya nyumba, itengeni mu ndalama imene mumalandira. Funsani ngati chiwongoladzanja chili chokhazikika kapena chosintha, ndipo funsani mtengo wonse musanasaine. Zinthu zikayamba kuvuta, musazimitse foni, musathamangire kwa obwereketsa a mumsewu, ndipo musanamize anansi anu. Pitani msanga kwa mlangizi ndi kubanki. Manyazi a tsiku limodzi patebulo la banki sapha munthu, koma kubisala kumagwetsa nyumba.