Kanyali Kachikasu pa Lole ya a Shaba

Kanyali kachikasu kochenjeza za vuto la injini kanayaka Lachinayi m'mawa, lole ya Zondwayo Shaba isanatuluke n'komwe m'tauni ya Mzimba. Dzulo lake anali atasintha tabo, chipangizo chija chimakankhira mpweya mu injini, ndipo anaimanga yekha kuseri kwa nyumba mothandizidwa ndi mnzake Yoram. Zondwayo anali atanyamula matabwa a ku Chikangawa zaka khumi ndi zisanu, ndiye ankadziona ngati palibenso womuuza za galimoto. Kanyaliko anangokayang'ana m'mbali n'kupitiriza ulendo.

Komatu Loweruka kunali ntchito yosafuna chibwana. Mng'ono wake, Goodluck, ankayenera kukapereka ng'ombe zitatu za malowolo kumudzi wina kufupi ndi Jenda. Tsikulo linali litasinthidwa kale kawiri, ndipo bambo a mtsikanayo anali atanenetsa kuti dzuwa likadzafika pamutu ng'ombe zisanalowe m'khola, Goodluck akayang'ane mkazi kwina.

Yoram, yemwe sankasowa yankho pa nkhani iliyonse, anati azule chingwe cha batire kuti galimoto iiwale. Inaiwaladi kwa mphindi zisanu, kenako kanyali kanayakanso. Apo Yoram anang'amba kachidutswa ka tepi yakuda n'kumata pakanyalipo, nati vuto latha.

Goodluck mtima unali m'mwamba. Anapempha mkulu wake kuti akaonetse lole kwa mayi Marjory Banda, makaniko wa zamagetsi wochokera ku Dedza, amene anali ndi makina oyezera galimoto kugalaji kwawo ku Mzimba komweko.

"Mbwenu iwe ukufuna ine ndikaphunzitsidwe lole ndi munthu wa laputopu?" anatero Zondwayo. "Tamvera injiniyo. Ikulira bwino chomene."

Loweruka anakweza ng'ombe kumudzi kwawo cha ku Luwawa, Goodluck ali mu suti yobwereka. Anayenda bwinobwino mpaka pachitunda choyamba. Pamenepo lole inangofooka ngati yadwala malungo. Zondwayo anaponda mafuta mpaka phazi kugunda pansi, koma inkangokwawa. Anawapitirira bambo wa njinga ya makala. Anawapitiriranso amayi awiri osenza nkhuni, mmodzi anachita kupereka moni n'kufunsa za kunyumba, yankho n'kulimva lonse.

Goodluck anayang'ana dzuwa, misozi ili pafupi. Sanakanganenso ndi mkulu wake. Anamuuza kuti aimitse lole pafupi ndi kachulu, anatsitsa ng'ombe, anathyola kamtengo, n'kuyamba kuzikusa wapansi. Zondwayo anayesa kuwatsatira pa lole, koma ng'ombe zinamusiya, ndipo zinamupweteka mtima kwambiri kuona michira ikuzimiririka pakona.

Manyazi anawaika pambali, anaimbira mayi Marjory. Iwo anafika pa njinga yamoto, chikwama kumsana. Choyamba anamatula tepi ija n'kumupatsa mwini wake m'manja. Kenako analumikiza makina awo pansi pa chiwongolero, ndipo makinawo anaonetsa kuti sensa ya ku ekizozi, paipi yotulutsira utsi, sikutumiza uthenga.

Anamufotokozera kuti sensayo ndi kachipangizo koyeza kutentha kwa utsi ukamatuluka mu tabo. Kompyuta ya galimoto ikasiya kumva kuchokera kwa iyo, imachepetsa mphamvu dala poopa kuti injini ingapse. Zondwayo anafulumira kunena kuti ndiye kuti anamugulitsa tabo yachinyengo.

"Tisathamangire kunamizira chitsulo, a Shaba," anatero mayi Marjory. "Vuto likabwera mutangokonza galimoto, mumayamba mwaona pamene panagwira manja anu."

Anagwada n'kutsatira waya wa sensa ndi chala. Sanapite patali. Wayayo anali atamangiriridwa ku paipi ya ekizozi ndi mphira ya chubu cha njinga, mfundo zitatu zolimba bwino. Mphira inali itasungunuka, waya atapserera mpaka kuduka.

"Wamanga apa ndani?"

Zondwayo anayang'ana uku ndi uku, koma Yoram anali atatsala ku Mzimba. Anayankha motsitsa mawu kuti waya ankalendewera, ndiye anangofuna kuti pakhale paudongo.

Mayi Marjory anadula popsapo, analumikiza waya watsopano, n'kumudutsitsa kutali ndi paipi pa tizitsulo take tomwe Zondwayo anatiponya m'bokosi la masipanala poganiza kuti n'totsala. Anaonanso ngati pulagi yalowa bwino komanso ngati utsi sukutulukira m'mbali mwa tabo. Atafufuta uthenga wa vutolo m'makina, analiza injini, kanyali osayakanso. Sensa inalibe vuto, tabo inalibenso vuto, ndipo ntchito yonse sinakwane theka la ola.

Goodluck anafika kwa akuchikazi dzuwa litapendeka pang'ono, suti itafiira ndi fumbi, nsapato ina itayasamula. Bambo a mtsikanayo anayang'ana dzuwa, anayang'ananso nsapatoyo, kenako anauza anthu kuti atsegule khola. Anati munthu woyenda chonchi chifukwa cha mwana wawo sangamubweze.

Anthu ali mkati momwa thobwa, lole inatulukira ikuthamanga, hutala ili pipiii. Zondwayo anatsika atakonza kolala, napereka moni mwaulemu wonse. Bambo aja anazungulira lole pang'onopang'ono n'kusuzumira kumbuyo.

"Yewo adada, mwafika," anatero. "Nanga mwatibweretsera vichi?"

Munali ndowe zokhazokha. Bamboyo anathokoza, nawapempha kuti poti abwera kale, akazitsitsire kudimba.

Phunziro: Nyali yochenjeza ikayaka pa galimoto, musaimate ndipo musamangozula batire. Pitani msanga kwa makaniko wodziwa kuyeza, muone kaye mawaya ndi mapulagi amene munagwira pokonza musanagule chitsulo china, ndipo waya asayandikire paipi yotentha.