Khansala Wofuna Kudzichitira Zionetsero

Ngalande ya mumsewu wawo inatsekeka, ndipo mvula ikangogwa madzi akuda ankalowa m'chipinda chimene mayi ake a Chimkuzamawu ankasokeramo zovala. Nsalu za eni ake zinkanyowa, makasitomala n'kuyamba kuthawira kwa atelala ena.

Dzina loti Chimkuzamawuli mwana wawoyo analipeza kukoleji, kumene ankatsogolera zionetsero za ophunzira. Mtsikanayu akakwera patebulo, ngakhale wogontha ankacheuka. Tsopano anali atangosankhidwa kukhala khansala, koma chizolowezi sichitha msanga. Anatola makatoni n'kuyamba kulemba zikwangwani pabalaza.

"Mawa tiguba mpaka kukhonsolo, amayi. Atimva basi!"

Mayi ake anaimitsa makina. "Mwanawe, ukafika kumeneko ukakalipira ndani? Khonsoloyo si ndiwe?"

Chimkuzamawu anaseka, koma manyazi anamugwira. Kufuula ankakudziwa bwino, koma njira ina sankaidziwa.

M'mawa mwake, m'malo moguba, anakaonana ndi mlembi wa khonsolo.

"Zionetsero ndi ufulu wa anthu, a khansala, ndipo n'zofunika," anatero mlembiyo. "Koma inu anthu anakupatsani mpando. Pemphani kuti nkhaniyi ikambidwe pamsonkhano ukubwerawu. Kenako pezani anzanu okuvomerezani. Muno mawu a munthu mmodzi sapambana, ngakhale akwere bwanji."

"Ngakhale a chipani china aja?"

"Madzi akuda safunsa chipani."

Apa ndiye panali ntchito. Khansala wa dera loyandikana nalo anali bambo amene iye anamutcha wamphwayi pamsonkhano wa kampeni. Anapitabe kunyumba kwa bamboyo.

"Bambo, ndinakulankhulirani zopweteka. Pepani. Ndabwera ndi nkhani ya ngalande."

Bamboyo anapukusa mutu akuseka. "Mwana wanga, madzi akachoka kwanuko amadzagona kwathu kuno. Khala pansi."

Tsiku la msonkhano, anthu a mumsewu muja anadzaza mabenchi akumbuyo. Chimkuzamawu anafotokoza modekha, bambo uja n'kuikira kumbuyo, ndipo manja anakwera mbali zonse. Ngalande inatsegulidwa. Mvula yotsatira inagwa yamphamvu, koma mayi ake anasoka tsiku lonse mapazi ali ouma, mtima uli m'malo.

Kudzudzula atsogoleri ndi ufulu wathu. Koma anthu akakusankha, udindo wako ndi kukhala pansi ndi anzako, ngakhale amene unakangana nawo, mpaka vuto litatha. Mutu umodzi susenza denga.