Ndemanga ya Mphunzitsi Wopuma

"Ndemanga zina khumi isanakwane thu koloko," anatero bwana, akugogoda tebulo ndi makiyi a galimoto. "Mwini tiyi akubwera, akufuna apeze tsamba lake la pa intaneti likuwira."

Kachala sanadzutse mutu. Dzinali anamupatsa anzake a mu ofesimo chifukwa zala zake zinkathamanga pa laputopu ngati nkhuku zojompha chimanga. Kampani yawo inkatsatsa malonda a anthu pa intaneti, ndipo miyezi imeneyo ankatsatsa tiyi wa masamba amene mwini wake ankati amathetsa matenda a shuga. Ntchito ya Kachala inali kulemba ndemanga zoyamikira. Anali ndi maakaunti makumi awiri, iliyonse ndi nkhope yake yopangidwa ndi kompyuta: dalaivala, namwino, mayi wa mapasa, ena otero. Onsewo anali iye yekha.

"Lero ndiwe ndani, namwino kapena dalaivala?" anamuseka mnzake wokonza zithunzi.

"Lero ndine wotopa basi."

Foni yake inalira kachitatu. Anali amayi ake, omwe sankaimba nthawi ya ntchito. Anatuluka n'kukaima pamasitepe.

"Mwanawe, bambo ako sali bwino. Chiyambire m'mawa akungogugudiza madzi, akuti maso achita chifunga. Ndangotulukira lero kuti mapilisi a shuga aja anasiya. Sabata yachitatu ino."

"Anasiya? Wawauza ndani?"

"Akuti mphunzitsi mnzawo, pa foni ija unawagulira. Akumwa tiyi. Ndakutumizira chithunzi cha zimene anawerengazo. Kuchipatala akukana."

Kachala anatsegula chithunzicho. *Ndine mphunzitsi wopuma. Zaka khumi ndakhala kapolo wa mapilisi. Chiyambireni tiyi uyu ndinawataya, ndipo njinga ndikupalasanso ngati kale.* Mawuwo anawalemba yekha mwezi wathawo, akudya bisiketi. Pofuna kuti munthuyo amveke weniweni, anatengera bambo ake omwe: uphunzitsi wawo, zaka za matenda awo, ndi njinga yawo imene inangoyedzamira khoma chiwayambireni chizungulire.

Analowa mu ofesi ya bwana osagogoda.

"Bwana, tichotse ndemanga zonse zonena zotaya mankhwala. Bambo anga asiya mapilisi chifukwa cha ife."

Bwana anatseka chitseko, natsitsa mawu. "Pepa za bambo. Koma ife sitigulitsa tiyi, timagulitsa maso a anthu. Ndemanga ya mphunzitsiyo ndiyo yakoka anthu kuposa zonse. Ukufuna ndiichotse lero, mwini wake ali panjira?"

"Munthu afa, bwana."

"Munthu wamkulu amasankha yekha. Iwe unalowa ntchitoyi ukudziwa. Wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima."

"Mphezi yake yagwa pakhomo pathu."

"Mvera. Ukatuluka pano thu koloko isanakwane, usabwerenso. Achinyamata ofuna mpando wakowo adzaza msewu."

Kachala anaganiza za miyezi isanu ndi iwiri imene anayenda ndi makalata ofunsira ntchito mpaka nsapato kung'ambika. Kenako anatenga chikwama chake, laputopu ya kampani n'kuisiya chitsegukire. Wokonza zithunzi uja anamuyang'ana, osaseka.

Minibasi inkaima paliponse, ndipo iye ankangoluma chala. Atafika anapeza bambo ake atakhala pampando wa pabalaza, milomo itauma gwa, jagi ya madzi yopanda kanthu ili pambali. Patebulo panali paketi yobiriwira ya tiyi uja imene iye ankaidziwa kuposa nkhope yake.

"Bambo, tiyeni kuchipatala."

"Amayi ako akuitana? Akazi inu mantha." Mawu awo ankatuluka molemera. "Thupi likungozolowera. Mnzanga uja anati poyamba zimatero."

"Mnzanu uti?"

"Mphunzitsi. Ndinamulembera kumufunsa, anandiyankha bwinobwino. Munthu wophunzira, sanganame."

Kachala anagwira khomo. Anakumbukira kuti mafunso otere ankabwera ambiri, ndipo ankawayankha onse ndi mawu amodzimodzi amene bwana anawakonzeratu, osayang'ana n'komwe dzina la wofunsa.

"Bambo, mphunzitsiyo kulibe."

"Kulibe bwanji? Nkhope yake ndaiona. Wa imvi, wa magalasi."

"Nkhopeyo inapangidwa ndi kompyuta."

"Iwe, usandiyese mwana. Ndaphunzitsa anthu zaka makumi atatu."

Amayi anaima pakhomo la kukhitchini, manja ali m'chiuno, maso akusinthasintha pakati pa awiriwo. Kachala anagwada pafupi ndi mpando, natulutsa foni yake. Akaunti ya mphunzitsi inali momwemo. Anaitsegula, nalemba kuti, *Bambo, ndine mwana wanu*, n'kutumiza.

Foni ya bambo inalira m'thumba la malaya. Anaitulutsa pang'onopang'ono, naiyandikiza kumaso, kenako n'kuipereka kwa akazi awo.

"Tawerenga, sindikuona bwino."

Amayi anawerenga mokweza.

Kachala ankayembekezera kukalipiridwa, mwina bwenzi zitamupepukira. Koma bambo anangomuyang'ana nthawi yaitali, ngati mmene ankayang'anira mwana wa sukulu amene wagwidwa akuonera mayeso.

"Ndiye ntchito ija timanyadira kwa anthu ndi imeneyi?"

"Ndaisiya lero, bambo."

"Kusiya n'kosavuta." Anapumira m'mwamba. "Ndi angati anakufunsa ngati ine?"

"Sindikudziwa. Ambiri."

Bambo anatseka maso. "Amayi ako andipatse nsapato."

Woyandikana nawo nyumba anawanyamula pa galimoto yake. Bambo anakhala kutsogolo, mutu atatsamira galasi. Ali pakati pa ulendo analankhula osatembenuka.

"Mphunzitsi wakoyo anthu amamumvera. Alembe kuti akupita kuchipatala, ndipo anene chifukwa chake. Alembe pomwe paja anthu onse anawerenga, ndipo ayankhe aliyense amene anamufunsa, mmodzimmodzi."

"Bwana akaona asintha pasiwedi, bambo."

"Ndiye ukudikira chiyani?"

Kachala anatsegula mndandanda wa mauthenga. Unali wautali moti anaupukusa kanayi osafika pansi. Anayamba ndi tsamba lalikulu lija, kenako anabwerera ku dzina loyamba, la mayi wina amene anafunsa za mwamuna wake masiku asanu apitawo.