Mzinga wa Masana

Dokotala anali atanena momveka bwino, ine ndili pomwepo: mtima wa bambo usadzidzimutsidwenso. Ananena zimenezi utatha ukwati wa mwana wa azakhali, pamene anyamata anaphulitsa makombola kuseri kwa holo, bambo n'kugwa pampando, n'kukwawira kunsi kwa tebulo la keke atagwira pachifuwa. Tinagonera nawo kuchipatala mpaka anamwino anatizolowera. Kuyambira pamenepo kwathu chitseko sitimenyetsa, ndipo mabaluni ndinawaletsa ngakhale pa tsiku lobadwa la mwana wanga yemwe.

Ulendo wa kupaki ya chikumbutso cha nkhondo anaupempha ndi bambo eni ake. Tinadabwa. Pa unyamata wawo anali msilikali woomba mizinga, koma za kunkhondo sanatiuzepo ngakhale kamodzi. Chimene anabwera nacho chinali chizolowezi chimodzi chokha chimene chinkatichititsa manyazi tili ana: mphezi ikang'anima, ankatiuza kuti tiyasame mpaka bingu litadutsa. Ife tinkayasama n'kumaseka, ndipo malemu mayi ankati tikuoneka ngati ana a mbalame. Pakakhala alendo ndiye tinkangothawira kuchipinda.

Mlongo wanga, amene aliyense amangomutchula kuti Injiniya ngakhale ntchito yake ndi yogulitsa mafoni, anatitsitsa pageti n'kunena kuti akukasaka poimika galimoto. Mumzinda waukulu ngati umenewu, mawu amenewo ndi kutsanzika. Ndinatsala ndekha ndi bambo, chikuku chawo, ndi chikwama cha mankhwala.

Pakiyo ndi yaikulu moti munthu ungasochere. Kuchokera pageti pali njira yaitali ya mitengo mbali zonse, kenako bwalo la simenti pomwe pali chipilala chachitali, ndipo kuseri kwake ndi kumene kuli nyumba yosungiramo za nkhondo. Ndinawakankha mtunda wonsewo thukuta lili kamukamu. Mkati munali mozizira komanso mwamdima pang'ono. Munali mayunifolomu m'magalasi, zipewa zachitsulo zobooka, nsapato zong'aluka, ndi dzenje lobisalamo asilikali lomwe analimanga ndi matumba a mchenga kuti ana asukulu aziona. Ine ndinkayang'ana nkhope ya bambo pa chilichonse, kuopa kuti china chiwakhudza. Koma iwo sizinkawakhudza n'komwe. Ankangodutsitsa maso ngati munthu amene ali mu sitolo ya zinthu zimene ali nazo kale kunyumba, n'kumandifunsa kuti nthawi ili bwanji. Ndinkaganiza kuti akufunsira mankhwala.

Tili pafupi ndi khomo lotulukira, chimkuzamawu cha padenga chinalankhula. Mayi wa mawu okoma anapempha alendo onse kuti apite kubwalo la chipilala, chifukwa nthawi ya masana yatsala pang'ono ndipo mzinga uombedwa monga mwa masiku onse.

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino, koma anthu anali atayamba kale kutuluka, mafoni ali m'manja. Ndinasiya chikuku n'kuthamangira mlonda wa pakhomo, bambo wamtali wa ndevu zoyera. Ndinamufotokozera zonse mofulumira, za mtima, za makombola, za dokotala. Anandimvetsera mwaulemu ndithu, koma anati mzingawo sauimitsa aliyense, umalira mvula kaya dzuwa. Anati ndi onga wokhawokha, mulibe chipolopolo, ngati kuti mtima wa munthu umafunsa kaye zimenezo usanaime. Nditafunsa ngati ndingafike pageti nthawi isanakwane, anayang'ana chikuku, n'kuyang'ana nsapato zanga, n'kupukusa mutu.

Ndinaimbira Injiniya. Foni inaitana mpaka kuduka. Munthu amene amadziwa mtengo wa chilichonse pa intaneti, amene anatiuza ngakhale pomwe pali zimbudzi za pakiyi, analephera kuona kuti pano amaomba mzinga tsiku lililonse. Ndinamutukwana chamumtima, mawu amene sindingawalembe apa.

Nzeru imene inandibwerera inali imodzi: kuseri kwa nyumbayo. Makoma ake ndi amiyala, ochindikala, ndipo ndinaganiza kuti tikabisala kumeneko phokoso lifika litafooka. Ndinatembenuza chikuku n'kuyamba kulimbana ndi khamu lomwe linkapita kwina ife tikupita kwina. Ana asukulu, mayi wa ambulera, gulu la alendo lotsata kambendera. Ndinkangoti pepani, pepani, uku ndikuwaponda zala. Bambo anafunsa kumene tikupita, ndipo ndinawanamiza kuti kuchimbudzi. Anati sakufuna chimbudzi. Ndinachita ngati sindinamve.

Kuseriko kunalibe simenti, kunali timiyala. Mateyala akutsogolo anatitimira, ndipo ndinachita kupendeketsa chikuku n'kumachikoka chobwerera. Tinafika pakona pomwe panali migolo ya zinyalala ndi paipi yothirira maluwa. Kubwalo sikunkaonekanso. Ndinatulutsa thonje m'chikwama, ndinaika botolo la mapilitsi a kunsi kwa lilime m'thumba la siketi kuti likhale pafupi, kenako ndinawerama kuti ndiwatseke makutu.

Anandikankha dzanja. Nkhope yawo inali itasintha. Milomo inali itatuwa, ndipo maso ankathamanga uku ndi uku, pakhoma, pamigolo, kumwamba, ngati mmene anachitira tsiku la ukwati lija. Mzinga unali usanalire, koma iwo anali atayamba kale kupuma mobanika.

"Ndibweze," anatero.

Ndinawauza kuti kuno n'kwabwino, kuti dokotala ananena, kuti zingotenga kanthawi kochepa. Anagwira mateyala ndi manja awo owondawo n'kuyamba kudzikankha okha pa timiyala. Chikuku sichinasunthe, koma khungu la pachala chawo linasupuka, magazi n'kuyamba kutuluka. Ndinawagwira mikono. Ndinawakalipira, ine, mwana wawo, kuti akufuna afere m'manja mwanga kuti abale adzandiloze chala moyo wanga wonse. Kubwalo lipenga linayamba kulira.

"Mwananga, tamvera," anatero. "Mzinga sindiuopa. Ndinagona nawo, ndinadzuka nawo. Chimene chimandipha ine ndi kulira kwa chinthu chimene sindikuchiona. Kuno wandiika kumene ankakhala anthu amene tinkawaombera. Ndibweze ndikaone dzanja."

Sindinamvetse za dzanjalo, koma za kuseriko ndinazimva. Makombola a paukwati anaphulikira kuseri kwa holo. Chitseko chimene chinkawadzidzimutsa kunyumba chinkakhala cha chipinda china. Ndipo kufunsa nthawi kuja sikunali kwa mankhwala. Ankadziwa za mzingawu, ndipo ndi umene anadzera.

Komabe mantha sanachoke. Dokotala anali ndi mapepala ake ndi makina ake, bambo anali ndi mawu okha, ndipo wosankha ndinali ine. Ndikawasiya pano n'kugwa, ndinganene kuti ndinayesetsa. Ndikawapititsa pafupi n'kugwa, ndiye kuti ndawapereka ndekha. Ndinaima pamenepo manja ali pa zogwirira, lipenga likupitirira, ndipo ndinalakalaka mayi akanakhala moyo kuti asankhe iwo.

Ndinavula nsapato n'kuziponya pamiyendo pawo. Ndinapendeketsa chikuku n'kuchikoka ndi mphamvu zimene sindikudziwa kumene zinachokera, timiyala tikundibaya kumapazi. Titafika pasimenti ndinathamanga. Khamu linali litazungulira bwalo ngati mpanda, misana yokhayokha, ndipo munthu wokhala pachikuku sakanaona kanthu. Mlonda wa ndevu zoyera uja anationa. Anangomasula chingwe chotchinga n'kutilozera malo a kutsogolo, pambali pa nkhata zamaluwa.

Mzingawo unali pomwepo, wobiriwira, wopukutidwa bwino, kukamwa kwake kutaloza kumitengo. Asilikali achinyamata anali ataima mouzungulira, mmodzi atagwira chingwe. Pambali panali mkulu wawo. Lipenga linasiya, ndipo bwalo lonse linangoti zii. Dzanja langa lamanzere linali paphewa la bambo, lamanja litafumbata botolo la mapilitsi mpaka chivindikiro chinandidinda m'chikhatho.

Bambo anali atawongoka pachikuku kuposa mmene ndinawaonerapo chaka chonsechi, maso ali pa mkulu wa asilikali uja osaphethira. Mkuluyo anakweza dzanja m'mwamba.

"Yasama," anatero bambo, osanditembenukira.

Ndinayasama. Mayi wamkulu, wopanda nsapato, pamaso pa anthu onsewo ndi mafoni awo. Bambonso anayasama, zikhatho zili m'makutu. Dzanja linatsika.

Kulirako ndinakumva m'chifuwa ndi m'mano. Nkhunda zinabalalika pachipilala, ma alamu a magalimoto analira kutali, mwana wina anayamba kulira, ndipo mayi wa ambulera uja anagwetsa foni. Utsi woyera unatikuta, wonunkha ngati machesi. Ndinagwada kutsogolo kwa chikuku n'kuwagwira pamkono kufuna kumva mtima. Unkagunda mofulumira, koma bwinobwino, mosadumphadumpha. Wanga ndiwo unkafuna kutulukira pakamwa.

Sankandiyang'ana. Ankayang'ana kumene mzinga unaloza, kudutsa utsi, kumitengo. Anayang'ana nthawi yaitali, mutu utapendekeka ngati akudikira kumva china. Kumeneko kunali kapinga, benchi, ndi bambo wina amene ankatsuka kasupe wa madzi ndi burashi yaitali, osatembenuka n'komwe. Misozi inayamba kutsika m'makwinya a nkhope yawo, ndipo sanaipukute.

Foni yanga inalira m'chikwama. Anali Injiniya, mwina atapeza poimika galimoto. Ndinaisiya.

"Waona?" anatero bambo, akuloza ndi chala chamagazi chija. "Akutsukabe. Aka n'koyamba kuuona ukulira popanda munthu wogwa kutsogolo kwake."

Ndinatenga thonje lomwe ndinafuna kuwatsekera makutu lija n'kuwamanga nalo chalacho.