Dzanja Limene Rodrick Anabisa

Rodrick Kamwendo anasunga zikhadabo zinayi za dzanja lamanja kwa miyezi isanu ndi iwiri, monga mlimi asungira mbewu. Woimba gitala wa nsambo zanayiloni amakodola nsambozo ndi zikhadabo zake, ndipo chimodzi chikathyoka mawu amatuluka ogontha. Kumalo osungira katundu ku Bradford, kumene ankanyamula makatoni, ankavala magolovesi awiri kudzanja limenelo. Chitseko ankatsegula ndi lamanzere. Mkazi wake Temwa, namwino wa pachipatala chachikulu, ankamuseka kuti anakwatiwa ndi mwamuna wa dzanja limodzi.

Nyimbo zake zinali za ku Brazil, choro ndi samba zoimba munthu mmodzi, zimene chala chachikulu chimayenda pansi ngati besi ya kwaya pamene zinzake zikuthamangitsana pamwamba. Anazimva koyamba pa kaseti ali ku Zomba. Loweruka lina, mu Okutobala 2005, aphunzitsi a sukulu ina ya nyimbo ku Manchester anamupatsa mphindi khumi ndi zisanu, 4 koloko masana, kuti amumve. Malo anali amodzi okha. Iye anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ankadziwa kuti kachiwiri sadzamuitana.

Anapemphera ndi Temwa pakhomo, nanyamuka dzuwa lili paliwombo, gitala ali kumsana. Pasiteji ya basi anapeza amuna atatu achizungu ovala malaya a timu ya mpira, zitini za mowa zili m'manja. Mmodzi, wometa mpala, anamuuza kuti awaimbire. Rodrick anamwetulira nati akuthamangira sitima. Wina anakoka lamba wa gitala, namutchula dzina lonyoza khungu lake.

Pamenepo Rodrick anachita chimene thupi lake linazolowera. Anapinda zala zamanja nazilowetsa m'jekete, kukhwapa. Wampala uja ataona dzanja likulowa m'jekete anakuwa kuti munthuyu ali ndi mpeni, ndipo sanadikire kuti auone.

Chibakera choyamba chinang'amba mlomo. Chachiwiri chinamupeza pakhutu, dziko nkuzungulira. Rodrick anali wamphamvu, wonyamula katundu masiku asanu ndi limodzi pamlungu, ndipo chibwano cha wampalayo chinali pafupi, chosatchingidwa. Anachiona bwino lomwe. Anaonanso zikhadabo zake zikuphwanyikira m'chikhatho ngati atafumbata ndi kumenya, ndipo dzanja analisiya momwemo.

Anamugwetsa. Iye anagonera mkono wamanja kuti ubisike pansi pa thupi, naphimba mutu ndi dzanja lamanzere. Anamuponda m'nthiti, kumsana, m'khosi. Magazi anadzaza m'kamwa mpaka analephera kutchula dzina la Yesu, anangoliganiza. Kenako jombo inatsikira padzanja lamanzere lija, pamene linali litatsamira mphepete mwa simenti, nitsikanso kachiwiri. Panamveka ngati munthu akuthyola nzimbe. Basi inatulukira pakona, dalaivala naliza hutala osaleka, ndipo atatuwo anathawa.

Kuchipatala anafika a Thompson, mkulu wa mpingo wawo, atavala jekete la Lamulungu ngakhale linali Loweruka. Anali atamva kwa wapolisi kuti anthu onse amene anaona anachitira umboni kuti womenyedwayo sanatukule dzanja. Misozi ili m'maso, anati mawa adzauza mpingo wonse kuti pakati pawo pali munthu amene anapereka tsaya linalo, amene anachita bwino kuposa Petro amene anasolola lupanga m'munda muja.

Rodrick akanatha kungokhala chete, pakuti mlomo unali ndi ulusi. Koma anatulutsa dzanja lamanja m'bulangete naliika poyera. Zikhadabo zonse zinayi zinali zamphumphu, zosalala, zopanda ndi kadothi komwe.

"Abambo, musakanene zimenezo kutchalitchi," anatero movutika. "Sindinawakhululukire anthu aja. Ndimafuna kumuphwanya chibwano. Ndimasunga izi."

A Thompson anayang'ana zikhadabozo nthawi yaitali. Kenako anati chabwino, sakanena, koma Mulungu amadziwa kuyamba ndi munthu wosanama, ndipo zokhululukazo adzapempherera limodzi akachira.

Temwa analowa atanyamula chithunzi cha mafupa. Sanali pantchito tsiku limenelo, koma anzake anamulola kuti achione. Anakhala pambali pa bedi namuonetsa pamene zala ziwiri zamanzere zinathyokera, cha mphete pamalo amodzi, kakang'ono kakumapeto pamalo atatu. Rodrick sanafunikire womufotokozera. Chikhadabo chikathyoka chimamera pa milungu isanu ndi umodzi. Koma zala zimene zimadina nsambo, zimene zimatambasuka kukafika kumene choro imazituma, ndi zamanzere, ndipo iye anazipereka kujombo osaganiza nkomwe.

"Zidzapindikanso?" anafunsa.

"Cha mphetecho chidzapindika. Kakang'onoko sindikudziwa, bambo a Joan. Sindikunamizani."

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa 4 koloko ndi mphindi makumi awiri. Rodrick anapempha mkazi wake kuti aimbe foni ku Manchester, awauze aphunzitsi aja kuti asamudikire, malowo apatse wina. Temwa anapeza kalata yawo m'thumba la jekete lamagazi lija, napita nayo kukhonde. Ali pabedipo, Rodrick anamumva akutchula dzina lakuti Kamwendo pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi, kuti mzungu wa mbali inayo alembe bwino.